Azakhali: Fisi wanga akuyankhula ngati Kalulu

Azakhali,

Ndine mnyamata wa ku Ndirande. Ndimapanga makatuni a nthano za Kalulu ndi Fisi pakompyuta ya achimwene anga. Zojambula zikutuluka bwino, vuto ndi mawu. Onse ndimawayankhulira ndekha, moti anzanga akuti Fisi, Kalulu ngakhale agogo akumveka kuti ndi ine ndemwe. Ndinayang'ana pa Fiverr koma mitengo yake ndi yamadola, komanso wodziwa Chichewa sindinamupeze. Nditani?

Ine wanu, Wosowa Mawu

Mwana wanga Wosowa Mawu,

Ukukhala ku Ndirande n'kumati wasowa mawu? Kumene woitanira minibasi akakuwa, munthu ali m'bafa amatuluka ndi sopo kumutu poopa kutsala? Iwe mawu sunasowe ayi, wangochita manyazi kupempha.

Kuyankhulira anthu ambiri wekha si mlandu. Ku America, Mel Blanc ankayankhulira Bugs Bunny, Daffy Duck ndi Porky Pig, pakamwa pamodzi pomwepo. Kungoti iwe si Mel Blanc, ndipo anzakowo akuuza kale mwaulemu. Koma pali nzeru ina yoti ubere komweko: Bart Simpson, kamnyamata kamwano kaja, kuyambira 1987 amakayankhulira ndi mayi, Nancy Cartwright. Ndiye usavutike kusaka mwana. Kamnyamata kenikeni ukakalemba lero, chaka chamawa mawu ayamba kusintha, Kalulu wako n'kudzuka ali ndi besi.

Dziko lino linakulira pa sewero la pawailesi. Pamajiga, Zimachitika ya Story Workshop, tonse tinkaseka ndi kutukwana anthu amene nkhope zawo sitinkazidziwa. Akuluakulu a masewero amenewo thumba lako silingawathe, koma ana awo m'luso ali ponseponse. Pita kugulu la zisudzo la achinyamata kutchalitchi kwanu. Funsa mphunzitsi amene amakonzekeretsa ana a sekondale ku mpikisano wa zisudzo wa ATEM kuti ophunzira ake akale ali kuti. Ambiri angokhala pakhomo, luso likuola. Ku Zomba, pa Yunivesite ya Malawi, kuli ophunzira zisudzo amene akusowa poti aonetse dzina. Ungochenjera ndi amukwaya. Kuimba bwino n'kwina, kulira ngati Fisi wapsa mchira n'kwinanso.

Onse uwatumizire mizere itatu yofanana, akubwezere pa WhatsApp. Pomvera utseke m'maso. Ndanena dala zotseka m'maso chifukwa ndikudziwa pali kamtsikana kena kamene waika kale pamtima kuti kakhale mkazi wa Kalulu. Mukadzakangana pa gawo lachinayi, mkazi wa Kaluluyo adzakhala bubu mpaka nthano kutha.

Tsono nkhani ya ndalama, apa khala pansi. Mawu otchipa alipo, aulere ndiwo amadula pambuyo pake. Usamauze anthu kuti "ndikutchukitsani", kutchuka sikugula ufa. Gwirizanani mtengo pa gawo lililonse, ngakhale utakhala wochepa, uonjezepo ya transipoti ndi ya tchipisi, ndipo utumize pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo asanafike n'kunyumba komwe. Munthu wolipidwa msanga amabweranso ngakhale kuli mvula. Mulembenso kapepala: dzina lake lidzaoneka kumapeto kwa katuni, mawuwo ukawaika pa YouTube, pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo ndalama zikadzayamba kulowa mudzagawana motani. Lero aliyense akuseka, koma katuni ikadzaphulika udzaona achibale a Fisi akutulukira pakhomo. Amene sanakwane zaka 18, makolo ake asayinire.

Uyambe wajambula mawu, zithunzi pambuyo. Umo ndi mmene makampani ambiri a makatuni amachitira, chifukwa n'kosavuta kuyendetsa milomo ya Fisi motsatira mawu kusiyana n'kukakamiza munthu kuti athamangitse milomo yojambula kale. Situdiyo usalipire. Imika matiresi kukhoma, upachike mabulangete mbali zonse, woyankhulayo alowe m'katimo ngakhale atuluke thukuta. Foni italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi, pambali pang'ono kuti mpweya usamaombe, ndipo uiike pa airplane mode, apo ayi amayi adzaimba pakati pa kulira kwa Fisi kufunsa za tomato. Nyumba yamalata, mvula ikayamba ingosiyani. Nthawi yabwino kwambiri kwanuko ndi pamene magetsi athima: chigayo zii, mabala zii, wowotcherera zitsulo wapita kukasewera bawo. Ungotchajiratu foni. Amene akujambulira kwawo atumize ngati document, chifukwa voice note imafinya mawu. Zotsala ukonze ndi Audacity, ndi yaulere.

Mawu opangidwa ndi kompyuta? Chingelezi amachitha, koma ambiri akafika pa Chichewa amamveka ngati mzungu wotsika ndege dzulo pa Chileka. Ndipo usayerekeze kutenga mawu a azisudzo aja, malemu Izeki kapena malemu Jakobo, n'kuwaika m'makina kuti akuyankhulire. Anthu aja ali ndi abale awo.

Ngati m'nthanomo muli apongozi ake a Fisi, usafunse wina, ine ndilipo. Koma kabaza sindikwera, unditumizire ya takisi.

Azakhali ako