Mwana wochenjera koma buku likumukana: makalata anu ndi mayankho

Muulutsi: Makalata amene tasankha lero onse akunena za mwana amene akupita kusukulu koma kuwerenga kukumukana. Tili ndi alangizi athu a za maphunziro a ana. Amayi, takulandirani.

Mlangizi: Zikomo achimwene. Tiyeni tiyambepo, nthawi ndi yochepa.

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chidzolomondo. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 10, ali m'kalasi yachitatu. Tikapita kukagulitsa mbatata, wowerengera chenje amakhala iyeyo, ndipo salakwitsa. Nthano akaimva kamodzi amaifotokoza yonse. Koma akatsegula buku amangoti kakasi. Bambo ake akuti ndi ulesi, agogo ake akuti wina anamutseka mutu. Ndichite chiyani?"

Mlangizi: Mayi, mwachita bwino kulemba. Mwana amene amawerengera chenje osalakwitsa, amene amasunga nthano yonse, mutu wake ndi wotseguka, palibe anautseka. Za ulesinso sindikuvomereza, chifukwa ana otere ndi amene amakhetsa thukuta pa tsamba limodzi kuposa anzawo onse. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene akatswiri amalitcha disilekisiya, ngakhale kuti kutsimikiza kwake kumafuna munthu atakhala pansi ndi mwanayo.

Ndikufotokozereni chimene chimachitika. Kuyankhula mwana amatola yekha ali kumsana kwa amake. Kuwerenga ayi. Kuti awerenge, ayenera kuzindikira kuti liwu lililonse limene timayankhula limagawika m'timaliwu ting'onoting'ono, ndipo kaliwu kalikonse kali ndi chilembo chake. Liwu loti galu muli ga ndi lu, ndipo mu ga muli timaliwu tiwiri. Ana ambiri akauzidwa kangapo amagwira. Mwana wa disilekisiya amamva galu ngati chinthu chimodzi chosagawika, ndiye zilembo zapabolodi sizipeza poti zimamatire. Lero mwamuphunzitsa, mawa waiwala, mkuja muyambirenso. Maso ake akuona, makutu akumva, nzeru zilipo, koma ubongo wake umagwira movutikira ntchito imodzi yokhayi yolumikiza liwu ndi chilembo.

Vutoli si la kuno kokha ndipo si lachilendo. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 wanzeru zake, wodziwa masamu, amene ankasokoneza zilembo ngakhale polemba dzina lake lomwe. Mphunzitsi wake ankati maphunziro akanakhala apakamwa pokha, mnyamatayo bwenzi akuposa onse pasukulupo. Akatswiri ambiri amati mwa ana 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ali ndi vutoli, ena pang'ono, ena kwambiri. Limayendanso m'magazi. Mukafufuza mwaulemu kubanja kwanu kapena kwa bambo ake, mwina mupeza amalume kapena azakhali ochenjera pa malonda, odziwa kukamba milandu, amene anathawa sukulu chifukwa cha buku. Bambo akewo muwauze kuti ndodo siitsegula chilembo ngakhale chimodzi. Chimene imachita ndi kumuphunzitsa mwana kuopa sukulu.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya aphunzitsi a kalasi yachiwiri m'boma la Tsangano. Akuti: "Ana anga ndi ochuluka moti ena amakhala mpaka pakhomo, ndipo amene sakutha kuwerenga ndi ambiri. Kodi onsewa ali ndi vuto limeneli? Ndiwasiyanitse bwanji popanda zipangizo?"

Mlangizi: Aphunzitsi, funso lanuli ndi limene ndimafuna litafunsidwa pa sukulu iliyonse. Ayi, si onse. Kwathu kuno zifukwa zolepheretsa mwana kuwerenga ndi zambiri, ndipo muyenera kuyamba mwachotsa zinazo.

Yambani ndi kaundula wanu. Sukulu imatsegulira mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, ntchito ya fodya ndi ya mbatata itakula, malungo ali ponseponse. Mwana amene wajomba miyezi iwiri ya chiyambi sanaphunzitsidwe zilembo, basi. Ameneyo akusowa phunziro limene linamudutsa. Kenako onani maso ndi makutu. Amene amatsinzina poyang'ana pabolodi, amene amatembenuzira khutu limodzi kwa inu, amene khutu limatuluka mafinya, uzani makolo apite naye kuchipatala. Ndiye pali njala, imene simukusowa kuti ndikufotokozereni.

Chachikulu kwambiri ndi chiyankhulo. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga amafika pasukulu akuyankhula Chinyanja cha kwawo, ndipo ambiri amakumana ndi buku la Chipwitikizi tsiku loyamba lomwelo. Akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: chiyankhulo chatsopano ndi kuwerenga. Akalephera, sitingadziwe kuti wagwa pa chiti. Nkhani imeneyi chigawo chathu cha Tete chimaidziwa bwino. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri kudzera mu ntchito yotchedwa PEBIMO, Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo mu 2003 njira imeneyi inayamba kulowa m'sukulu zina za boma m'dziko muno. Kaya sukulu yanu ili m'gulu limenelo kaya ayi, langizo langa ndi limodzi: mwana muyeseni m'chiyankhulo chimene anayamwira.

Kuyesako sikufuna pepala. Ndi masewero apakamwa, mphindi zisanu pa mwana mmodzi, anzake akulemba. Muuzeni aombe m'manja pa chigawo chilichonse cha liwu: chi-ma-nga, katatu. Mufunseni kuti pa chimanga tikachotsa chi patsala chiyani. Mutchulireni mbale, mbuzi, nyemba, akuuzeni limene layamba mosiyana ndi anzake. Muoneni ngati akumva kusiyana kwa pala ndi phala, kapena chiyambi cha ngoma ndi cha ng'ombe. Jambulani zinthu zisanu zodziwika, khasu, nkhuku, mphika, njinga, nyumba, mobwerezabwereza pamzere, azitchule mofulumira. Mwana amene vuto lake ndi Chipwitikizi chokha masewerowa amawachita mosavuta, mpaka kuseka. Amene ali ndi disilekisiya amapunthwa ngakhale m'chiyankhulo chake, amachedwa kupeza dzina la chinthu chimene akuchidziwa, ndipo masiku a sabata kapena miyezi amaisokoneza ndondomeko yake.

Chinthu china chimene chimapusitsa aphunzitsi ambiri ndi ichi. Chinyanja chimalembedwa pafupifupi monga chimamvekera, ndiye mwana wa vutoli akalimbikira amatha kuwerenga molondola, koma pang'onopang'ono kwambiri, chigawo ndi chigawo, moti pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala chiyambi. Musanene kuti wachira poti sakulakwitsa. Mvetserani liwiro lake. Pa Chipwitikizi pamaonekera kwambiri polemba, chifukwa kaliwu kamodzi kamatha kulembedwa ndi s, ss, c kapena ç, ndipo chilembo x chokha chimatchulidwa m'njira zingapo. Palinso ana oloweza. Amatsatira gulu pobwereza mokweza, tsamba lonse ali nalo m'mutu, koma mukaphimba chithunzi n'kuloza liwu limodzi pakati, zii. Kuwerengera pamodzi kalasi yonse kumabisa ana ambiri otere, ndipo popeza ana amakwera kuchokera kalasi yoyamba mpaka yachitatu ngati chigawo chimodzi, mwana angafike kutali wina asanamumvepo akuwerenga yekha.

Mukatha apo, sankhani ana ofooka kwambiri, asanu kapena asanu ndi mmodzi, muziwaphunzitsa paokha mphindi 15 tsiku lililonse kwa teremu imodzi. Ambiri adzanyamuka. Mmodzi kapena awiri amene adzatsale pomwepo ngakhale sanajombe, amenewo ndi oti muwalembe m'kope lanu ndi kuitana makolo awo.

Muulutsi: Apa pali kalata yaifupi ya bambo wina wa ku Furancungo. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 6, wangoyamba kumene sukulu, ndipo amatembenuza b kukhala d. Akuda nkhawa.

Mlangizi: Bambo, mtima pansi. Ana ambiri a zaka 6 ndi 7 amatero, ndipo zimatha zokha akamalemba kawirikawiri. Kutembenuza zilembo pakokha si chizindikiro. Mudzayambe kufunsa ngati atafika kumapeto kwa kalasi yachiwiri akuterobe, komanso akulephera masewero a timaliwu amene ndatchula aja.

Muulutsi: Yachinayi ikuchokera kwa mmodzi wa akomiti ya sukulu ku dera la Chidzolomondo. Akufunsa kuti: "Mwana akapezeka ndi vutoli timutengere kuti? Kuli mankhwala? Nanga si bwino angobwereza kalasi?"

Mlangizi: Mankhwala ake kulibe, kaya a m'botolo kaya a mizu, ndipo wina akakuuzani kuti ali nawo, gwirani thumba lanu. Mankhwala ake ndi kaphunzitsidwe. Kubwereza kalasi kumathandiza mwana amene anajomba. Wa disilekisiya akabwereza n'kuphunzitsidwa mofanana ndi chaka chatha, adzalepheranso mofanana, ndipo tsopano ali ndi manyazi okhala pakati pa ana aang'ono.

Njira yake imayambira pafupi. Mphunzitsi auze mkulu wa sukulu ndi womuthandiza woona za kaphunzitsidwe. Nkhaniyo ipite ku misonkhano ya ZIP, kumene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakumana n'kugawana nzeru. Kawirikawiri pagulu lotere pamapezeka wina waluso pa kalasi yoyamba. Ikakula, ipite ku ofesi ya maphunziro ya boma, imene kwa inu a Macanga ili ku Furancungo. Mumzinda wa Tete muli limodzi mwa malo atatu a boma othandiza maphunziro a ana ofunika chisamaliro chapadera, otchedwa CREI. Ena awiriwo ali ku Macia m'chigawo cha Gaza ndi ku Anchilo m'chigawo cha Nampula. Dziko lathu lilinso ndi ndondomeko ya maphunziro osasankha mwana ya zaka za 2020 mpaka 2029, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9. Choncho mukapempha thandizo simukupempha chifundo.

Koma ndinene mosabisa. Kuchoka ku Chidzolomondo kukafika ku Tete ndi ulendo wodula, ndipo mabanja ambiri sangaukwanitse. Musadikire chikalata chochokera kutauni kuti muyambe kuthandiza. Zimene zimathandiza mwana wa vutoli sizivulaza mwana wina aliyense. Akhale kutsogolo. Aphunzire chilembo chimodzi ndi liwu lake, achigwire bwino asanapite pa china, kuyamba ndi a, e, i, o, u ndi zigawo zosavuta monga ma, ta, la, zovuta ngati mpha, nkha ndi ntcha zibwere pambuyo. Achione, achitchule, achilembe ndi chala pamchenga, achiumbe ndi dothi, kuti diso, khutu, pakamwa ndi dzanja zigwire ntchito limodzi. Njira imeneyi inakhazikitsidwa ndi Samuel Orton ndi Anna Gillingham ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo mchenga ndi dothi tili nazo zambiri. Pa mayeso a m'kalasi apatsidwe nthawi yowonjezera, ndipo pa masamu kapena sayansi awerengeredwe funso, ayankhe pakamwa, kuti tione zimene akudziwa. Chimodzi ndikuchonderera aphunzitsi: musamuimike kutsogolo mwadzidzidzi kuti awerenge anzake akuseka. Ana ambiri amene anasiya sukulu n'kupita kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ganyu m'minda ya fodya anachoka chifukwa cha tsiku ngati limenelo. Inu akomiti, apa ndi pamene mawu anu amalemera.

Muulutsi: Yomaliza ndi ya mtsikana wa kusekondale, akuti mlongo wake wamng'ono ali ndi vuto lofanana ndi limene takambali, makolo awo sadziwa kuwerenga, ndipo pakhomo palibe buku. Athandize bwanji?

Mlangizi: Mwanawe, ukhoza kuthandiza kwambiri. Tenga mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse kusanade, osapitirira, chifukwa amatopa msanga. Ufunse aphunzitsi ake zilembo zimene akuphunzira sabata imeneyo kuti musasemphane. Dula katoni wakale, ulembepo zigawo ndi khala, aziphatikiza yekha: ma ndi la, ta ndi te. Matumba a feteleza, mapepala a sopo, zikwangwani za kumsika, buku la nyimbo la kutchalitchi kapena lililonse lachinyanja limene mungabwereke, zonsezo ndi zowerenga. Akuuze nthano, iwe uilembe m'mawu ake omwewo, kenako muiwerengere limodzi chala chili pansi pa liwu. Akalakwa usamukalipire, umutchulire liwu lolondola, abwereze, mupitirire.

Makolo anu asadzione ngati alibe gawo. Ndagi, nyimbo za pamtondo, miyambi ya agogo, masewero otembenuza mawu, zonsezi zimanola khutu la mwana pa timaliwu, ndipo ndi pamenepo pagona vuto lake. Amayi anu apite akaonane ndi aphunzitsi kamodzi pa mwezi, afunse funso limodzi lokha: ndi zilembo ziti zimene mwana wagwira mwezi uno? Vutoli silitheratu, adzakula akuwerenga mochedwerapo kuposa anzake, koma akathandizidwa msanga adzawerenga kalata, adzawerenga risiti ya fodya, adzalemba mayeso.

Muulutsi: Nthawi yatithera, amayi.

Mlangizi: Aphunzitsi a ku Tsangano aja, teremu ikatha mutilemberenso kuti mwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi aja anyamuka angati. Ndipo makalata awiri ofunsa za mwana wachibwibwi tawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.