PHUNZIRO 14: TISAFOOKE POFUNA KUDZIWA MULUNGU

Abale anga akatekumeni, pamene tinalemba maina anu m'buku, kapela inadzaza, ena anakhala panja. Tsopano mvula yagwa, nchito ya kumunda yacuruka, ndipo mipando yambiri iri yopanda anthu. Wina akuti: « Mapemphero ndawadziwa kale, ndidzabwera ubatizo ukayandikira. » Munthu wotere akudzinyenga yekha.

1. Kudziwa Mulungu n'ciani?

Werengani Yohane 17, 3. Usiku woti mawa lace afa, Ambuye Yesu anatiphunzitsa kuti moyo wosatha ndiwo kudziwa Mulungu woona mmodzi yekha, ndi Yesu Kristu amene Iye anamtuma. Kuloweza mayankho a katekisimu ndi ciyambi cabe. Mwana adziwa bambo wace cifukwa akhala naye, amva mau ace, namumvera. Ifenso timdziwa Mulungu pomva Mau ace, polankhula naye m'pemphero, ndi pocita zimene Iye afuna. Nchito imeneyi siitha tsiku la ubatizo ai, ndi ya moyo wonse.

2. Cimene citifooketsa

Pa Marko 4, 1-20 Ambuye afanizira Mau a Mulungu ndi mbeu. Inu alimi mudziwa kuti wobzala cimanga osapalira sadzaza nkhokwe. Mudziwanso kaufiti: ayamba kuyamwa mizu ya cimanga pansi pa nthaka, mwini munda asanamuone, ndipo duwa lace likaoneka, phesi lafooka kale. Ulesi wa mumtima uli cimodzimodzi. Lero munthu agona osapemphera. Lamulungu lotsatira apita ku mowa. Mwana akadwala, mantha amfikitsa kwa woombeza. Anthu adzati wagwa mwadzidzidzi, koma mizu inali itauma kalekale.

3. Citsanzo ca akatekumeni a ku Uganda

Ansembe oyamba a Katolika anafika ku Buganda m'caka ca 1879. M'caka ca 1882 anacoka m'dzikomo, nabwerera mu 1885. Pa zaka zonsezo kunalibe Misa, kunalibe wansembe. Kodi ophunzira analeka? Iai. Anasonkhana okhaokha, wodziwa anaphunzitsa wosadziwa, ndipo ansembe pobwerera anapeza okhulupirira atacuruka.

Mmodzi wa iwo anali Karoli Lwanga, mtumiki ku nyumba ya mfumu Mwanga. Anadikira ubatizo mopirira mpaka mwezi wa Novembala 1885, pamene mfumu inapha mkuru wao Yosefe Mukasa. Mu Meyi 1886, ataona kuti imfa yayandikira, Karoli anabatiza usiku anyamata amene iye anali kuwaphunzitsa. Pakati pao panali Kizito, wamng'ono mwa onse. Pa 3 Juni 1886 anawatentha ku Namugongo. Papa Paulo VI anawachula oyera m'caka ca 1964, onse pamodzi 22.

Mphamvu yosakana Mulungu pamaso pa moto sanaipeze tsiku limodzi. Anaikundika pang'onopang'ono, masiku aja pamene panalibe wowaitana kapena wowayang'anira. Tsono ife tidzanena ciani, amene tidandaula kuti bambo wansembe afika kwathu kamodzikamodzi?

4. Mafunso ndi mayankho

F. Kodi Mulungu anatilengeranji?
Y. Anatilenga kuti timdziwe, timkonde, timtumikire, ndi kukakondwa naye kwamuyaya.

F. Kodi tingathe kudziwa Mulungu ndi nzeru zathu zokha?
Y. Poona zolengedwa tingadziwe kuti Mulungu alipo, koma kuti timdziwe ngati Atate athu tisowa Yesu Kristu ndi caulere ca Mzimu Woyera.

F. Ngati ndi caulere, khama lathu liri ndi nchito yanji?
Y. Mvula ndi ya Mulungu, koma khasu ndi la mlimi. Caulere sicibala zipatso mwa munthu amene acikana ndi ulesi.

F. Munthu amene wafooka acite ciani?
Y. Asacite manyazi. Abwerere msanga, apemphe cikhululukiro, ayambenso.

5. Zoti ticite sabata ino

Tipemphere m'mawa tisanatenge khasu, ndi madzulo pamodzi ndi banja lonse. Lamulungu tifike ku kapela, wansembe alipo kapena palibe. Mau amodzi a phunziro lino tikafotokozere wina kunyumba; amene sadziwa kuwerenga apemphe mwana amwerengere. Aliyense akayendere mnzace mmodzi amene waleka kubwera, osati kukamdzudzula, koma kukamtenga. Makolo anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tipemphere

Mulungu Atate athu, Inu munatidziwa ife tisanakudziweni. Cotsani ulesi m'mitima mwathu, mutipatse khama la Karoli Lwanga ndi anzace, kuti tifike ku madzi a ubatizo pa usiku wa Paskha, ndi kukufunani masiku onse a moyo wathu. Mwa Kristu Ambuye athu. Amen.