Pamene Khoma Limakumana ndi Dothi

Mitambo yayamba kusonkhana, ndipo makalata amene alowa sabata ino ambiri akununkha mvula. Ndasankhapo anayi. Onsewo akuzungulira chinthu chimodzi chimene amisiri amachitcha plinth.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti: "Mmisiri wanga akunena kuti tikweze plinth ndi mizere ina itatu ya njerwa. Ine ndikuona ngati akungofuna kuti simenti ichuluke. Kodi plinth n'chiyani, nanga sindingaidumphe?"

Bambo, mmisiri ameneyo musamutaye. Mawu akuti plinth anachokera ku Chigiriki, ndipo kumeneko amangotanthauza njerwa. Akale ankatcha choncho mwala wophwatalala umene ankaika pansi pa chipilala kuti kulemera kwake kumwazike bwino. Pa nyumba yanuyo, plinth ndi gawo la khoma loyambira pamene maziko atulukira m'dothi mpaka pamene padzakhale simenti yopondapo m'kati. Mukamakwera masitepe awiri kapena atatu polowa m'nyumba, mukukwera plinth imeneyo.

Dzina ndi lachilendo, koma nzeru yake tinabadwa nayo. Kumbukirani nyumba ya agogo kumudzi. Inkakhala pa kamtunda kounjika, ndipo khonde linkaizungulira. Chaka chilichonse mvula isanagwe, agogo ankagwada n'kumamata pamene pagumuka, kenako n'kuzira mpaka kusalala. Ankadziwa kuti madzi ochoka padenga akagwa pansi amadumphira kukhoma, ndipo khoma ladothi likanyowa kunsi limagwada. Nkhokwe nayonso saikhazika pansi.

Njerwa imamwa madzi ngati mmene chingwe cha nyali chimakokera palafini. Chinyontho cha m'dothi chimakwera pang'onopang'ono, nthawi zina mpaka pafupifupi mita imodzi. N'chifukwa chake pamwamba pa plinth timayala pepala lakuda lija amisiri amati DPC, kuti madzi akafika pamenepo aime. Pepala limeneli lizikhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa dothi lakunja, omwe ndi pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Umenewo ndiwo muyeso wotsikitsitsa. Ine ndimakonda kuti nyumba ikwere masentimita 30 mpaka 45, makamaka pamalo otsetsereka ngati kwanuko, kumene madzi amatsika phiri ali ndi liwiro ndiponso dothi lokokoloka limadzaunjikana kumbuyo kwa nyumba.

Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka chatha. Ndinaitanidwa kunyumba ina yokongola ndithu, ya malata amtundu, mawindo a aluminiyamu, matailosi mpaka kukhonde. Eni ake ankadandaula kuti penti sakukhalitsa. Nditagwada kuchipinda cha ana n'kudinikiza khoma ndi chala chachikulu, pulasitala anangoyoyoka ngati ufa. Kuseri kwa wadirobu kunali mzere woyera wa mchere wofika m'bondo, nsapato za mwana zitachita chuku. Kunja, ndere zinali zitamera m'munsi mwa khoma lonse. Nyumbayo anaimanga molingana ndi bwalo. Anapulumutsa matumba ochepa a simenti, ndipo tsopano mwana wawo amagona m'chinyezi n'kumatsokomola usiku. Zinandipweteka mtima, chifukwa denga mukhoza kulisintha, zitseko mukhoza kusintha, koma nyumba yomangidwa kale simungainyamule kuti muikweze.

Chenjezo lina, bambo. Plinth ikakwera, m'kati mumatsala dzenje lofunika kukwirira. Musalole anyamata kuthiramo dothi lapamwamba lokhala ndi mizu ndi udzu. Zimenezo zimawola, simenti n'kutitimira, komanso n'zimene chiswe chimafuna. Athire zibuma za njerwa, miyala kapena dothi louma bwino, masentimita 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi, kusinja mpaka kulimba, kenako kuthiranso. Pamwamba pake mankhwala a chiswe, pulasitiki, ndiye konkire. Tsiku limenelo mukhalepo nokha, chifukwa zokwiriridwa sizionekanso.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti kalipentala amene akuwapangira makabati a kukhitchini watchulanso plinth, ndiye asokonezeka.

Mayi, kalipentala wanu sakulakwa. Kukhitchini, plinth ndi kathabwa kapena kasimenti kamene kamakhala pansi pa makabati, kotalika masentimita 10 mpaka 15, kolowerako m'kati pang'ono kuti zala zakumapazi zipeze malo mukaima pafupi n'kumadula ndiwo. Poti ife timakolopa ndi madzi ambiri, pemphani kuti ikhale ya njerwa ndi simenti. Matabwa opanikiza aja akangolawa madzi amafufuma.

Yachitatu yalembedwa ndi mnyamata wa fomu 4 ku Chiradzulu. Akuti anamva kuti chiboliboli cha John Chilembwe chinaikidwa pa "Fourth Plinth" ku London, ndipo akufuna kudziwa ngati ndi plinth yomweyi.

Mwafunsa bwino, achimwene. Ndi yomweyo, koma ntchito yake apa ndi ina: kukweza munthu kuti odutsa amuyang'ane chogadamira. Pa bwalo la Trafalgar Square pali nsanja zamiyala zinayi. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti pakhale chiboliboli cha mfumu William IV ili pa hatchi, koma ndalama zinaperewera, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 anayamba kuikapo ntchito za aluso mosinthanasinthana. Mu September 2022 panakwera ntchito ya Samson Kambalu, mwana wa kuno kwathu, yotchedwa Antelope. Iye anatengera chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, kwanu komweko. Chilembwe anamupanga wamkulu kuposa mnzakeyo, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Taganizani, nsanja yokonzera mfumu ya dziko limene linkatilamulira, n'kudzaimapo mbusa wa ku Chiradzulu osavula chipewa. Ine nditaona zithunzi zake ndinakhala kaye chete.

Tibwerere kumatope. Kalata yomaliza yachokera kwa mayi wamasiye wa ku Nchalo. Akuti nyumba yawo ya zidina inagwa ndi namondwe Freddy mu March 2023, ndipo akhala akusonkhanitsa njerwa pang'onopang'ono. Akufunsa kuti ndi ndalama zochepa zimene ali nazo, ayambire pati.

Pepani kwambiri, mayi, ndipo zikomo polimba mtima. Choyamba, madzi saiwala khwawa. Ngati malowo ali m'njira ya madzi othamanga, palibe plinth imene ingakupulumutseni. Kambiranani ndi amfumu za malo okwera. Ngati ndi malo amene madzi amangodikha, pitani mukaone pa mitengo kapena pa makoma amene anatsala. Mzere wa matope umasonyeza pamene madzi anafika. Pansi pa nyumba yanu pakhale pamwamba pa mzere umenewo, ndipo kwanuko masentimita 60 si ochuluka.

Chachiwiri, simenti imene mungakwanitse, yonseyo ipite kunsi. Maziko ndi plinth zikhale za njerwa zootcha bwino, zija zolira mukazigogoda, zomangidwa ndi simenti yosakaniza muyeso umodzi ku miyeso isanu ya mchenga woyera. Khoma la pamwamba pa DPC likhoza kumangidwa ndi dothi ngati thumba lafupika, bola denga litulukire kunja mokwanira. Nyumba zambiri zimene zinagwa zinayambira kusungunuka m'munsi, kenako khoma lonse n'kutsatira.

Dothi la kwanuko ndi makande. Mukulidziwa: m'chilimwe limang'ambika mpaka dzanja kulowa, m'dzinja limafufuma. Likamatero limakankha nyumba mbali ina n'kuisiya mbali ina, ndiye ming'alu ija yoyenda chopingasa kuchokera pa ngodya ya windo. Mankhwala ake ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa plinth osaduka, kuti nyumba ikasuntha isunthire pamodzi. Kawirikawiri timaikamo zitsulo zinayi za mamilimita 12, koma mupeze mmisiri wodziwa dothi la kumeneko aone yekha. Ngati ndalama sizikulola, chepetsani zipinda, lamba asachoke.

Mukamaliza, zungulizani nyumba ndi kakhonde kotsetserekera kunja, kuti madzi a padenga azithawa khoma. Ndipo maluwa, mayi, dzalani patali. Ambiri amamanga bwinobwino, kenako n'kuunjika dothi la maluwa m'mbali mwa khoma mpaka kukwirira DPC, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Mizere iwiri ija ya njerwa izioneka nthawi zonse. Mukayamba kukumba maziko mutilemberenso, mutiuze kuti mwapeza dothi lolimba pa kuya kotani.