TIPANGE NGOLO YATHU: KUYEZA NDI KUYESA

Kodi pakhomo panu amasenza katundu ndani? Sitima ikafika, ndani amanyamula thumba la chimanga kuchoka ku doko mpaka kunyumba? Kawirikawiri ndi amayi ndi ana.

Chilumba chathu cha Likoma ndi chaching'ono. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 8. Nthaka yake ndi yamchenga ndi miyala, ndipo chakudya chimene timakolola sichitikwana. Chimanga, shuga, simenti ndi malata zimachokera kumtunda, makamaka ku Nkhata Bay. Nkhuni zambiri zimachokera kutsidya, ku Mozambique. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo yatibweretsera katundu wambiri. Koma sitima sifika pakhomo. Katundu akatsika, ntchito imatsalira ife.

Thumba la chimanga limalemera makilogalamu 50. Thumba la simenti chimodzimodzi. Taganizani za munthu wa ku Makulawe kapena ku Nkhwazi amene akuchoka nalo ku Mbamba dzuwa lili pamutu. Akafika kwawo khosi ndi msana zili zowawa.

Anzathu a ku Lilongwe, Mchinji ndi Mzimba ali ndi ngolo za ng'ombe. Kuno msipu ndi wochepa. Komabe tingathe kupanga ngolo yaing'ono ya mawilo awiri, yokoka ndi manja kapena ndi njinga.

MAWU AWIRI OFUNIKA

Werengani mawu awa mokweza: kuyeza, kuyesa. Asiyana chilembo chimodzi chokha, z ndi s. Kuyeza ndi kutenga tepi ndi kuona kutalika kwa chinthu. Kuyesa ndi kuona ngati chinthucho chikugwira ntchito bwino. Phunziro lonseli lagona pa mawu awiriwa. Muyeze musanadule thabwa. Muyese ngolo musanalowe nayo mumsewu. Mukalumpha chimodzi, mudzataya ndalama, ndipo mwina munthu adzavulala.

ZOFUNIKA KUPEZA

1. Mawilo awiri akutsogolo a njinga, ofanana kukula, okhala ndi matayala ndi machubu abwino. Akutsogolo ndiwo abwino chifukwa alibe mano a tcheni.
2. Mitengo yochekedwa ya mainchesi 2 kwa 3. Iwiri ikhale yotalika masentimita 220, iwiri masentimita 120, iwiri masentimita 100. Pezaninso zidutswa zina za mwendo ndi za mtanda wa zogwirira.
3. Matabwa a pansi ndi a m'mbali mwa bokosi.
4. Tizitsulo tinayi taphanthiphanthi, tokhuthala mamilimita 5, togwira mawilo.
5. Mabawuti, manati, mawashala ndi misomali.
6. Girizi, penti, chingwe cholimba ndi timagalasi tofiira tonyezimira usiku.

Zida zake ndi tepi, pensulo, sowo, hamala, sipanala ndi choboolera. Ngati mulibe, kambiranani ndi kalipentala kapena mmisiri wokhoma maboti. Amisiri amenewa amadziwa mtengo wopirira chinyezi.

Mtengo ukhale wouma ndi wopanda mfundo zazikulu. Mtengo wauwisi umapindika ukamauma, ndipo mawilo amapotoka nawo. Mlombwa ndi mbawa ndi yolimba koma ndi yodula. Bulugamu wouma bwino amakwanira. Paini ndi wopepuka, ndipo ndi wabwino pa bokosi. Milambe ili ponseponse kuno, koma mtengo wake ndi wofewa, sutulutsa matabwa.

Musanagule kanthu, lembani zonsezi m'kope. Funsani mtengo wa chilichonse, mulembe pambali pake, kenaka muwonkhetse. Zambiri mwa izi zidzabwera pa sitima. Mukaiwala mabawuti, ntchito idzaima mpaka ulendo wina.

KUMANGA THUPI LA NGOLO

Choyamba. Yalani pamalo osalala mitengo iwiri yaitali ija. Italikirane masentimita 70, kuyeza kuchokera kunja kwa mtengo umodzi mpaka kunja kwa unzake. Masentimita 120 akumbuyo ndi malo a bokosi. Masentimita 100 otsalawo ndi zogwirira. Mbali ya zogwirira ndiyo kutsogolo kwa ngolo.

Chachiwiri. Ikani mitengo ya masentimita 100 chopingasa. Umodzi ukhale kumapeto kwenikweni kumbuyo, wina pamene bokosi likuthera kutsogolo. Mtengo uliwonse utuluke masentimita 15 mbali zonse ziwiri.

Chachitatu. Pa nsonga zotulukazo mangani mitengo ya masentimita 120, wina kumanja, wina kumanzere. Tsopano mbali iliyonse ili ndi mitengo iwiri ndi mpata pakati pake. Mpatawo ndi nyumba ya wilo. Nthawi zambiri umakhala masentimita 10, koma yezani habu ya wilo lanu kaye.

Kodi mitengo iwiri ndi ya chiyani? Tayang'anani njinga yanu. Foloko imagwira wilo mbali zonse ziwiri. Ekiselo ya njinga ndi yopyapyala ngati chala. Mukaigwira mbali imodzi yokha, idzapindika tsiku loyamba lomwe.

Chachinayi. Musanamangitse, yezani kuchokera pangodya imodzi kufika pangodya yoyang'anana nayo chopingasa. Yezaninso ngodya ziwiri zinazo. Manambala awiriwo afanane. Akasiyana, thupi la ngolo lapendama. Kankhani pang'ono mpaka afanane.

Chachisanu. Lumikizani mitengoyi ndi mabawuti, osati misomali. Misomali imazuka ngolo ikamagwedezeka pamiyala. Pa bawuti iliyonse ikani washala kuti nati isalowe m'mtengo. Misomali ndi ya matabwa a bokosi basi.

MALO A MAWILO

Apa ndiye pofunika kudekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bokosi ndi lotalika masentimita 120, ndipo pakati pake ndi pa 60. Mawilo asakhale pakati penipeni. Yezani masentimita 65 kuchokera kutsogolo kwa bokosi, mulembe mzere. Kumbuyo kutsale masentimita 55. Mzerewo udutse mitengo inayi yonse.

Chifukwa chake ndi ichi. Mawilo akapita kumbuyo kwambiri, katundu yense amagwera m'manja mwanu, ndiye kuti mukusenzabe. Akapita kutsogolo kwambiri, ngolo imapendekera kumbuyo, zogwirira zimakwera m'mwamba mwadzidzidzi ndipo zingakumenyeni chibwano. Akakhala kumbuyo pang'ono chabe, mawilo amasenza katundu, inu mumangowongolera.

Pemphani wowotcherera zitsulo kapena wokonza njinga kuti acheke kampata pa kachitsulo kalikonse, monga mmene kumapeto kwa foloko kulili. Mangani tizitsuloti pa mzere uja ndi mabawuti awiriawiri. Lowetsani mawilo, mumange manati.

Tsopano yezani mpata wa pakati pa matayala awiriwo, kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo. Manambala afanane. Akasiyana, ngolo idzakokera mbali imodzi, idzalemera, ndipo matayala adzatha msanga.

BOKOSI, MWENDO NDI PENTI

Khomani matabwa a pansi pa mitengo iwiri yam'kati. M'mbali mukhale motalika masentimita 30. Siyani timipata pakati pa matabwa a pansi kuti madzi ndi mchenga zizituluka. Onetsetsani kuti tayala silikukhuza thabwa.

Lumikizani zogwirira ziwirizo ndi mtengo wopingasa kumapeto kwake. Palani bwino kuti pasakhale zobaya m'manja. Pansi pa bokosi chakutsogolo ikani mwendo, kuti ngolo iziima yokha mukamapakira. Pakani penti ponseponse. Pa mitengo ya pansi mungapake oyilo wakuda wotha ntchito, amene amathandiza kuteteza ku chiswe. Kumbuyo khomani timagalasi tofiira tija.

KUYESA NGOLO

Ngolo yakhomedwa, koma sinathe. Musayese ndi chimanga chanu. Yesani ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo zigubu 5 ndi makilogalamu 100.

1. Kankhani ngolo yopanda kanthu pamalo osalala. Kodi ikupita chowongoka? Kodi pali phokoso?
2. Ikani zigubu ziwiri pamwamba pa mawilo. Yendani nayo pamiyala ndi pamchenga. Imani, muyang'ane mitengo ngati yachita ming'alu.
3. Ikani zigubu 5. Nyamulani zogwirira. Muzimva kulemera pang'ono, kosaposa theka la ndowa ya madzi. Ngati zikulemera kwambiri, sunthirani katundu kumbuyo. Ngati zikukwera zokha, musunthireni kutsogolo.
4. Gwirani wilo lililonse, muligwedeze chauku ndi chauko. Lisagwedere. Tsinani masipoko awiriawiri. Olefuka amangidwe.
5. Pitani pa kamtsetse kakang'ono muli anthu awiri, muone ngati mungathe kuimitsa ngolo pakati pa mtsetse.
6. Tengani sipanala, mumangenso manati onse. Mtengo umafinyika ukasenza koyamba, ndipo manati amamasuka.

Ngolo ikapambana mayeso onsewa, lembani ndi penti pambali pake kuti: MAKILOGALAMU 100. Aliyense wobwereka adziwe kuti malire ndi matumba awiri. Wofuna kunyamula zoposa apo afune mawilo a njinga yamoto ndi thupi lachitsulo. Matayala a njinga yamoto ndi otambalala, ndipo satitimira kwambiri mumchenga.

POTSETSEREKA

Ngoloyi ilibe mabuleki. Mabuleki ake ndi inu. Chilumba chathu chili ndi zitunda, ndipo ngozi zambiri za ngolo zimachitika potsika.

Musatsike mtsetse ngolo yodzaza ili kumsana kwanu. Ikakupambanani mphamvu idzakupondani. Itembenuzeni kuti iyo ikhale patsogolo, inu mukhale kumtunda mutagwira zogwirira. Mtsetse ukakhala waukulu, mnzanu agwire chingwe chomangidwa ku ngolo, nayenso ali kumtunda. Mwana asayende kumunsi kwa ngolo, ndipo asakwere pamwamba pa katundu. Mangirirani ku ngolo kachipika ka mtengo kotchingira wilo mukaima pachitunda.

KUKOKA NDI NJINGA

Mangani mtengo umodzi pakati pa ngolo, utuluke kutsogolo kupitirira zogwirira. Nsonga yake imangidwe ku chitsulo cha pansi pa chishalo ndi lamba wochekedwa ku tayala lakale. Lambayo amalola njinga kukhota ndi kupendama. Mtengowo usakhudze wilo lakumbuyo kapena kaliyala. Mangani chingwe chachiwiri kuchokera ku ngolo mpaka ku felemu ya njinga. Lamba akaduka, chingwecho chidzagwira ngolo kuti isathawe.

Pa njinga malire ndi thumba limodzi. Mabuleki a njinga anapangidwira njinga ndi munthu, osati ngolo yodzaza. Onse awiri azigwira bwino. Pofika pa mtsetse tsikani, muyende pansi.

MUMSEWU

M'dziko lathu timayenda kumanzere kwa msewu. Galimoto ndi zochepa kuno, koma njinga zamoto zimathamanga. Mangani katundu ndi chingwe, wolemera pansi, wopepuka pamwamba. Malata kapena matabwa akatulukira kumbuyo, mangani kansalu kofiira kunsonga kwake. Usiku nyamulani tochi. Kumbukirani kuti ngolo yokokedwa ndi galimoto ndi nkhani ina. Imeneyo imayenera kulembetsedwa ku ofesi ya Road Traffic, ndipo imakhala ndi nambala ndi magetsi ake.

KUSAMALA NGOLO

Walira mvula walira matope. Mdani wamkulu wa ngolo kuno ndi mchenga. Ukalowa m'habu umasakanikirana ndi girizi ndi kuyamba kudya zitsulo. Musalowetse ngolo m'nyanja pofuna kuyandikira boti. Isiyeni pouma. Mwezi uliwonse tsukani mahabu, muike girizi watsopano. Popani matayala musananyamuke. Sungani ngolo pamthunzi, pakuti dzuwa limang'amba matayala.

NGOLO YA GULU

Banja limodzi lingalephere kugula zonse. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja asanu kapena kalasi yanu ingasonkhe ndalama. Sankhani mlembi ndi msungichuma. Mlembi alembe m'kope tsiku, dzina la wobwereka, katundu amene wanyamula ndi ndalama imene walipira. Gawo la ndalamazo lisungidwe kuti mudzagulire chubu, tayala ndi girizi. Gulu lopanda kope limayambana tsiku limene tayala laphulika.

Tawerengerani phindu lake. Mayi wotunga ndowa imodzi pa ulendo amayenda maulendo 5 kuti apeze malita 100. Ndi ngolo amayenda ulendo umodzi. Maulendo 4 otsalawo ndi nthawi yoanika usipa, yopita kumsika, kapena yobwera kudzaphunzira.

MAFUNSO

1. Kodi kuyeza ndi kuyesa zikusiyana bwanji?
2. Chifukwa chiyani wilo la njinga liyenera kugwidwa mbali zonse ziwiri?
3. Bokosi ndi lotalika masentimita 120. Mawilo ali pa masentimita 65 kuchokera kutsogolo. Kumbuyo kwatsala masentimita angati?
4. Zigubu 3 za malita 20 zimalemera makilogalamu angati?
5. Kodi muima mbali iti ya ngolo potsika mtsetse?

ZOCHITA

Sabata ino yendani njira yochoka kwanu kupita ku doko kapena kumsika. Lembani m'kope malo onse a mchenga wambiri, a miyala ndi a mtsetse. Bweretsani kopelo m'kalasi, mukambirane ndi anzanu mawilo oyenera njira yanuyo ndi ndalama zimene aliyense angasonkhe.