Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Malipiro, Chinyengo ndi Chitetezo cha Woulula

Ambirife tikadzamaliza maphunziro tidzalembedwa ntchito. Tsiku lina tingadzaone mlonda wa pamalo pathu akugwira ntchito sabata yonse osapuma, malipiro ake osasintha. Mwinanso tingadzaone pa ndandanda wa malipiro dzina la munthu amene sitinamuonepo akubwera ku ntchito. Kodi tidzatani? Ambiri amangokhala chete poopa kutchedwa akazitape kapena kuchotsedwa ntchito. M'phunziro lino tiona kuti malamulo a dziko lathu amateteza munthu wolankhula, komabe chitetezocho chimathandiza amene akuwadziwa malamulowo ndiponso amene wasunga umboni.

Maola ndi malipiro

Lamulo la zantchito la Employment Act la 2000 limati maola wamba ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24. Maola owonjezera, omwe timawatcha ovataimu, ali ndi mtengo wake. Tiyerekeze kuti munthu amalandira K1,000 pa ola. Akapitirira maola ake pa tsiku wamba, ola lililonse lowonjezera ndi K1,500. Akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma, ola lililonse ndi K2,000. Bwana amene amapereka ndalamazi sakuchita chifundo ayi, akungobweza ngongole.

Lamulo lomweli limati wantchito azilandira pepala losonyeza malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa. Pepalali tisamalitaye. Pa nkhani ya penshoni, wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo wolemba ntchito amawonjezerapo 10 peresenti. Ngati ndalama ikudulidwa koma sikufika ku kampani ya penshoni, ndi mapepala amenewa amene adzatilankhulire.

Kodi akandichotsa ntchito?

Apa ndi pamene mtima umagunda kwambiri. Lamulo limanena momveka bwino kuti kukadandaula za bwana amene akuphwanya malamulo, kapena kuperekera umboni pa mlandu wotere, si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Komanso munthu akachotsedwa, udindo wofotokoza chifukwa chake uli pa wolemba ntchito, osati pa wochotsedwayo. Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Miyezi itatu sichedwa kutha, choncho kulira m'nyumba kusatidyere nthawi.

Kuulula chinyengo

Katangale amasamalidwa ndi lamulo lina, la Corrupt Practices Act la 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la ACB. Gawo 51A la lamuloli limateteza munthu wotsina khutu: dzina lake liyenera kubisidwa, ndipo kumuzunza chifukwa choti anaulula ndi mlandu. Koma kunena bodza mwadala pofuna kuipitsa mnzathu ndi mlandunso.

N'chifukwa chiyani kuulula kuli kofunika? Tikumbukire Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma mabiliyoni ambiri zinaperekedwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Kuba kotere sikuchitika ndi munthu mmodzi. Mapepala amadutsa m'manja ambiri, ndipo pamakhala maso amene amaona. Ndalamazo zikanagula mankhwala, madesiki ndi mabuku.

Tisanamizane kuti mantha alibe maziko. Mu 2015 mmodzi wa akuluakulu a ACB, a Issa Njauju, anapezeka ataphedwa. Ngati zoterezi zinagwera munthu wa m'bungwe lenilenilo, kalaliki wamba ali ndi chifukwa chomveka chokhalira wosamala. Mayiko ena amalimbikitsa oulula powapatsa mphotho. Ku America, lamulo la False Claims Act la 1863 limapatsa woulula gawo la pakati pa 15 ndi 30 peresenti ya ndalama zimene boma lapulumutsa. Koma ngakhale popanda mphotho, amene amaulula amapulumutsa anthu ambiri amene sadzamudziwa n'komwe.

Tichite bwanji?

Choyamba, tizilemba tsiku, nthawi ndi zimene taona ndi maso athu, osati mphekesera. Chachiwiri, tizisunga kalata yotilemba ntchito, mapepala a malipiro ndi kabuku ka maola amene tagwira. Chachitatu, nkhani tiziipititsa koyenera: za malipiro ku ofesi ya zantchito, za katangale ku ACB, osati pa Facebook pomwe tingadziike pangozi ndi kuipitsa mbiri ya anthu osalakwa. Pomaliza, tisamauze aliyense kuti taulula. Ndipo tikaona mlonda uja akuberedwa, timuuze ufulu wake, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana

1. Munthu wolandira K1,000 pa ola wagwira maola 8 pa tsiku lake lopuma. Ayenera kulandira zingati?
2. Kodi miseche imasiyana bwanji ndi kutsina khutu?
3. Mutazindikira kuti amene akuba ndi munthu amene anakuthandizani kupeza ntchito, mungatani?