PHUNZIRO LA SABATA INO: Kodi mafupa akale angagwetse cikhulupiriro?

Werengani: Genesis 2:7, Ahebri 11:3, Akolose 1:16-17



Ana athu akuphunzira evolution kusukulu, ciphunzitso cakuti zamoyo zinasintha pang'onopang'ono kucokera ku zamoyo zina. Akafunsa kunyumba, ambiri timayankha msanga: "Ni boza cabe, kulibe umboni." Manje mwana akadzaona mafupawo ndi maso ake, adzakayikira ndani? Aphunzitsi, kapena inu ndi Baibulo lanu?

Tiyeni tikambe zoona. Nkhani yagona pa mafupa akale amene anasanduka mwala pansi pa nthaka. Mipata ilipodi. Charles Darwin mwini wake anavomera m'buku lake la 1859 kuti zamoyo zambiri zapakati sizinapezeke. Sizodabwitsa: nyama ikafa imaola, ndipo ndi zocepa cabe zimene zimakwiririka msanga m'matope n'kusungika.

Koma mipata ina yatsekeka. Mu 1861 ku Germany anapeza Archaeopteryx, ya nthenga ngati mbalame, koma mtundu wake uli ndi mano ndi mcira wa mafupa. Mu 2004 ku Canada anapeza Tiktaalik, nsomba ya khosi ndi mafupa olimba m'zipsepse. Kuno kwathu, mu 1921, anthu a m'mgodi wa Broken Hill ku Kabwe anafukula cigaza ca munthu wakale, ca mphumi yosiyana ndi yathu. Cili ku London mpaka lero, ndipo asayansi akuti cili ndi zaka pafupifupi 300,000. Asayansi ambiri amaona zonsezi ngati umboni wocirikiza evolution.

Ndiye mvetsani, okondedwa. Ngati cikhulupiriro canu cakhazikika pa fupa limene silinapezeke, tsiku limene adzalifukula mudzagwira ciani? Mulungu wathu sakhala m'mipata ya sayansi. Akolose akutiphunzitsa kuti zonse zinalengedwa mwa Khristu, ndipo ndi Iye amene azigwirizitsa pamodzi, ngakhale miyala ya ku Kabwe. Fupa lingakuuzeni zaka zake, koma silingakuuzeni cifukwa cimene muli ndi moyo, kapena amene anakuferani pa mtanda.

Akhristu okonda Yesu amasiyana pa masiku asanu ndi limodzi a Genesis. Ena akuti ni masiku enieni, ena akuti ni nyengo zazitali. Tisadane pa ici. Tonse tivomereza kuti Mulungu ndiye Mlengi, ndipo munthu ali m'cifanizo cake.

COCITA: Mwana wanu akafunsa, osamukalipira, osamuchula wopanduka. Khalani naye pansi, tsegulani buku lake la biology ndi Baibulo, mumvetsere mpaka atsirize.

PEMPHERO: Atate, Inu munaumba munthu ndi dothi. Cotsani mantha mwa ife, mutipatse lilime la coonadi, musunge ana athu m'makalasi mwao. M'dzina la Yesu, Amen!