Kutuluka pakhomo ndi khanda pachifuwa, wamkulu kudzanja

Khanda silithawa. Pamene mwaligoneka mudzalipeza pomwepo, ndipo likalira mumalipatsa bere, nkhani n'kutha. Amene angakupulumukeni m'manja n'kuthamangira pamsewu, kugwera m'ngalande, kapena kutola chapansi n'kuponya m'kamwa, ndi wamkulu uja wa zaka ziwiri kapena zitatu, amene dzana lomweli anali kumbuyo kwanu ndipo sakumvetsa chifukwa chake walandidwa malo ndi kamunthu kosayankhula. Choncho pokonza ulendo, yambirani pa iyeyo.

Musafulumire kutuluka. Agogo athu ankasunga mayi ndi mwana m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo nzeru imeneyo ikadali ndi ntchito. Mchombo umagwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma thupi lanu limafuna pafupifupi masabata 6 kuti libwerere m'chimake, makamaka ngati munachira pa opaleshoni. Pa nthawi imeneyi ulendo wofunika ndi wa kuchipatala basi. Kumaliro, kuukwati ndi kumsika wodzaza anthu, tumani wina. Anthu akudandaulani masiku awiri, kenako aiwala.

Ulendo woyamba wa nonse atatu ukhale woyeserera chabe: kugolosale yapafupi kapena kwa aneba, mphindi 20, n'kubwerera. Apa ndi pamene mudzadziwire ngati chitenje mwamanga bwino komanso ngati wamkulu amamva mukati "ima". Ulendo weniweni ukubwera, chifukwa pa masabata 6 khanda liyenera kukalandira katemera kusikelo, kenako pa masabata 10 ndi pa masabata 14.

Chikwama longedzani usiku, ana atagona. Chikhale chobereka kumsana, poti manja onse awiri ali kale ndi eni ake. Muikemo mabuku a kuchipatala a ana onse awiri ndi lanu, matewera opitirira amene mukuganiza kuti akwana, zovala zosinthira za aliyense, jumbo yoikamo zoipitsidwa, kasopo, ndi zitenje ziwiri zapadera kuwonjezera pa chomwe mwaberekera: china choyala pansi posintha thewera, china chodikira ngozi. Bulauzi yanu yosinthira musaiwale, mkaka sudziwa kuti muli pagulu. Wamkulu mum'tengere madzi akumwa owiritsa kapena othira WaterGuard, nthochi, mbatata yophika kapena dzira lowiritsa. Mtedza wosasinja ndi maswiti olimba zisiyeni, zimatsamwitsa ana a msinkhu umenewu, makamaka minibasi ikamadumpha m'maenje. Khanda ilo chakudya chake muli nacho kale. Mpaka litakwana miyezi 6, ndi bere lokha, ngakhale madzi ayi, kaya dzuwa liswe mtengo.

Ndalama ya minibasi, yosinthasintha kale, ikhale payokha pamalo ofikirika ndi dzanja limodzi.

M'mawa mwake ntchito zili ndi ndondomeko yake, ndipo ine ndinaiphunzira nditalira kaye. Wamkulu adye phala ali m'zovala za pakhomo, kenako apite kuchimbudzi, afune asafune. Inu sambani, valani. Kenako yamwitsani khanda mpaka likhute, ligeyetseni, lisintheni thewera. Pomaliza penipeni ndiye muveke wamkulu zovala za paulendo, mutuluke nthawi yomweyo. Mukam'veka poyamba, mudzam'peza kuseri kwa nyumba akuumba ng'ombe zadothi. Mum'veke malaya owala, ofiira kapena achikasu, oti muwaone msanga pakati pa anthu, ndipo m'thumba mwake muikemo kapepala kolembapo dzina lake ndi nambala ya foni yanu. Nyamukani m'mamawa. Mzere wa kusikelo umakhala usanatalike, dzuwa lisanakwere, ndipo mukhoza kubwerera nthawi yogona wamkulu masana isanakwane. Mwana wa zaka ziwiri amene tulo tam'pitirira sanyengerereka.

Tsono kaberekedwe. Khosi la khanda limakhala lofooka mpaka cha m'miyezi 4, choncho poyamba limangireni kutsogolo, pachifuwa, chitenje chitagwira bwino msana ndi mutu. Nkhope yake muziiona nthawi zonse mukaweramitsa maso. Mphuno ndi pakamwa pasaphimbike, ndipo chibwano chisagwere pachifuwa chake, chifukwa mwana akapindika choncho amavutika kupuma osalira n'komwe. Apa ndinenepo za chizolowezi chathu chofunditsa khanda ngati tikulitumiza ku Nyika mwezi wa Julayi: chipewa chaubweya, masokosi, juzi, shawelo, pamwamba pake bulangete, kunja kuli Okutobala. Chiperoni chikagwa, inde, lifunditseni. Koma kukatentha, pisani chala kukhosi kwake chakumbuyo. Mukapeza thukuta, chotsani chofunda chimodzi, ngakhale apongozi akuyang'aneni ndi diso lofiira. Dzuwa litchingeni ndi ambulera.

Wamkulu ayende yekha. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu 11 kapena 12, ndipo kum'bereka kumbuyo khanda lili kutsogolo, msana wa mayi wongochira kumene ndiwo umalipira. Ngati mtunda ndi wautali, pezani wokuperekezani. Bambo a ana akam'nyamula pamapewa sachepa ufumu. Ngati iwo palibe, azakhali kapena mtsikana wamkulu wa kwa aneba angathandize, koma kamwana ka zaka 7 musakapatse udindo wowolotsa mnzake pamsewu.

Mum'gwire pamkono, pamwamba pang'ono pa chikhatho. Tizala timaterera. Akakana kuyenda musam'koke kapena kum'nyamula ndi mkono umodzi, chigongono cha mwana wamng'ono chimaguluka msanga. Galimoto kwathu kuno zimayenda kumanzere, ndiye pamene palibe kanjira ka oyenda pansi, yendani kumanja kwa msewu kuti muziona zimene zikubwera kutsogolo kwanu, wamkulu ali mbali ya kutchire, inu mbali ya msewu.

Pokwera minibasi wamkulu ayambe kulowa, inu pambuyo pake. Potsika ndi mosemphana: inu muyambe, kenako mum'landire. Cholinga n'chakuti asaime yekha pansi, m'mphepete mwa msewu, ngakhale kamphindi. Kondakitala akakhala pachangu muuzeni poyera, "Achimwene, tadikirani kaye nditsitse mwana," ndipo anthu m'galimotomo adzakuthandizani kum'kalipira. Mpando wakutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ukaneni. Kabaza wa njinga yamoto ndi ana awiri, ine ndikuti ayi. Ndikudziwa kuti madera ena ndiye yekhayo wopezeka, koma mayi amene dzanja lina lagwira khanda, lina wamkulu, alibe chogwirira njinga ikagunda bampu. Ngati palibiretu njira ina, wamkulu atsale kunyumba. Amene muli ndi galimoto, mwana aliyense akhale pampando wake wa ana, womangidwa, kumbuyo, wa khanda utayang'ana chakumbuyo. Ndipo musasiye mwana m'galimoto yotseka, ngakhale mukungokagula buledi.

Mukafika, wamkulu mum'patse ntchito. Agwire buku la kusikelo la mng'ono wake, kapena akhale "mlonda wa chikwama". Anthu onse adzathamangira kusuzumira khanda, iye n'kutsala ngati mlendo, ndiye muzim'tchula: "Awa ndi achimwene ake, ndi amene andithandiza kunyamula katundu." Kamtima kansanje kamazizira ndi mawu ochepa choncho. Pezeraninso mwayi woti alangizi a zaumoyo amuyeze sikelo iyenso, n'kuona ngati katemera wake wa chikuku, wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15, analandira onse. Khanda likabwera, buku la wamkulu limakonda kuiwalika pansi pa sutikesi.

Ofuna kunyamula khanda sadzasowa. Wina akakhala akutsokomola, kukana mwaulemu kulipo: "Pepani amayi, wangoyamwa kumene, angakubwezereni pa chitenje chokongolacho."

Nthawi yoopsa kwambiri paulendo wonse ndi yoyamwitsa, poti inu mwakhala pansi, simungadzuke msanga, ndipo wamkulu amadziwa zimenezo. Sankhani malo otsamira khoma, kutali ndi khomo ndi msewu. Mum'khazike pakati pa miyendo yanu, ndipo nthochi ija itulukire pano. Musam'patse m'minibasi atangoyamba kuipempha, isungireni mphindi zimenezi.

Tsiku lina onse awiri adzalira pamodzi, wamkulu atadzigwetsa m'fumbi anthu akuonerera. Ngati khanda lakhuta ndipo lili bwinobwino pachifuwa, likhoza kulira pang'ono. Gwadani pafupi ndi wamkuluyo, mum'gwire, muyankhule motsitsa mawu, mudikire. Kum'menya kumangowonjezera phokoso. Amayi amene akukuyang'anani pamzerepo ambiri zinawachitikirapo, ndipo mmodzi akatambasula manja kuti akuthandizeni, landirani, bola mwanayo akhale pamaso panu.

Mukabwerera kunyumba, nonse sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya. Khanda likalandira katemera limatha kutentha thupi pang'ono ndi kunyong'onyeka tsiku limodzi kapena awiri, ingoliyamwitsani pafupipafupi. Koma likakana bere, likamapuma mothamanga kapena movutikira, likakomoka, likafooka osadzuka, kapena likatentha thupi popanda katemera lisanakwane miyezi iwiri, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Wamkulu musiyeni kwa aneba.

Madzulo omwewo chapani zoipitsidwa, bwezerani matewera ndi zitenje m'chikwama, ndipo tsiku la sikelo yotsatira mulilembe pakalendala pakhoma, pamene bambo a ana angalione.